Mayi amene anandimeta kumtsinje

Ayi, si mwana wa amayi anga, komanso si wa kuchimuna. Lemba choncho poyamba, amalume ako angadzati ndinawabisira. Afunsa okha pa foni kuti mayi amene ndikufuna kukawatenga ku Ntchisi kuti adzakhale nane muno ndi ndani wathu, ndiye ndikuwayankha. Mawu achizungu anena aja ati chiyani? Rileshoni. Eya. Iwe wandiuza kuti ndi chibale, komanso wati mnyamata ndi mtsikana akamayenda limodzi ndi yomweyo, mayiko akamagulitsana fodya ndi yomweyonso. Ndiye mawu otakasuka ngati dengu chonchi, nkhalamba imodzi ingalephere kukwanamo? Chimenecho usalembe, angati ndikuwanyoza. Kaya, lemba. Nyumba ino anamanga ndi iwo, malatawa ndi awo, sindingalowetsemo munthu asanavomere. Koma ayambe amva.

Ine ndinakwatiwa chitengwa. Kuno ku Msakambewa mwamuna ndiye ankabwera kwa mkazi, n'kumanga nyumba pakati pa alamu ake. Koma agogo ako aamuna anali mwana wa mkulu wa mpingo, kwawo ankawafuna, ndiye anapempha kwa atsibweni anga kuti anditenge. Amayi anga anali atamwalira kale, atsibweni ndiwo anali mwini wanga, ndipo anavomera. Ndinakwera mapiri a ku Ntchisi aja mphasa ili pamutu, timbale tanga tili m'nsalu. Kozizira mwana iwe! Nkhungu inkakhala pakhomo mpaka dzuwa litakwera, zovala zosauma, chala chikagunda mwala m'mawa umachita kulira ngati mwana.

M'mudzi muja akazi onse anali a bere limodzi. Uyu mkulu wake wa uyu, uyo mwana wa mng'ono wake wa uyo. Sanali oipa, ndisawanamizire poti anapita. Apongozi aakazi ankandigawira ndiwo, ankandibwereka khasu. Koma tikakhala pamtondo iwo amayamba kuseka za anthu amene ine sindinawaonepo, za mbuzi imene inagwera m'chitsime iwo ali ana, ine n'kumangosinja. Dzina langa linathera panjira. Aliyense ankangoti mtengwa. “Mtengwa, tandibwerekani chipande.” “Mtengwa, nkhuku zanu zili m'dimba.” Ngakhale tiana tosavala tinkati mtengwa.

Ndinabereka mwana wamkazi, woyamba. Amalume ako ndi amayi ako amadziwa kuti kunali mkulu wawo amene sanamuone, koma zambiri sindinawauzepo. Mwanayo atayamba kukwawa, agogo ako aamuna analembetsa za kumigodi ku Joni, monga ankachitira amuna ambiri nthawi imeneyo. Anandisiyira nkhokwe yodzaza ndi bulangete limodzi, n'kupita. Ndinatsala ndi mwana, ndipo mnzanga wocheza naye anali yemweyo. Ndinkamuuza zonse, za kwathu, za amene wandiyang'ana moipa pachitsime, iye ali pamsana akundikoka tsitsi. Anali ndi khalidwe limenelo, timanja take sitinkachoka m'mutu mwanga.

Kumtunda kwa mudzi, m'mphepete mwa nkhalango, kunali kanyumba ka munthu wina wocheka matabwa. Sanali wa m'mudzimo, anangopemphapo malo. Mkazi wake ndiye mayi tikunenawa. Ankaumba mbiya ndi miphika, analibe mwana, kutchalitchi sankapita, ndipo ankakoka fodya wamphuno ngati nkhalamba chonsecho anali wamkulu pang'ono chabe kwa ine. Kwawo kunali kutali kuchigwa, sankakutchula kawirikawiri. Tinkakumana kumtsinje, ine ndikuchapa, iwo akukumba dongo pamtapo pawo. Moni basi. Mwadzuka bwanji, ndadzuka, kaya inu. Koma mwana atayamba kuyenda ankathawira kwa iwo, ndipo ankamuumbira timiphika tating'ono ngati chikhatho, iye n'kumatiphwanya akuseka. Iwo ankati, “Kamwana aka kadzandisaukitsa, katundu wanga yense kakuswa.” Mawa lake amuumbiranso.

Chikuku chinalowa m'mudzi nthawi ya dzinja, chimanga chitayamba ngaiyaye. Ana ambiri anadwala n'kuchira. Wanga chinamulowa m'chifuwa. Ndinamubereka m'mawa, mlamu wanga wina akunditsogolera, kuti tipite kuchipatala cha mishoni. Sitinafike. Tili pa chitunda china ndinangomva kuti kulemera kwake kwasintha, timanja tagwa. Ndinawauza alamu kuti tiyeni tibwerere. Anandiyang'ana, anatembenuka.

Anatuma munthu kuno ku Msakambewa, koma mvula inali itagwa masiku otsatizana, mitsinje yadzaza mpaka m'minda, munthuyo anabwerera panjira. Ku Joni ndiye kalata inkayenda miyezi. Choncho anamuika a kuchimuna okhaokha. Anachita zonse bwino, anaimba nyimbo, apongozi aamuna anapemphera mpaka mawu anawathera. Pamenepo ndilibe nawo mlandu.

Koma kwathu kuno maliro sathera kumanda. Papita masiku pang'ono, abale amakhala pansi pabwalo n'kumetana, onse, kuyambira mwini maliro. Tsitsi lija likagwa ndiye kuti mwamulola wakufayo kuti apite, inunso mubwerere ku makasu. Ine ndinkadikira. M'mawa wina ndinangoona anthu atenga makasu akupita kukabandira chimanga. Ndinapita kwa apongozi aakazi, ndinagwada, ndinati, “Amayi, nanga kumeta?” Iwo anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Kuno tinasiya zimenezo, mwana wanga. Abambo ndi mkulu wa mpingo. Mwana ali m'manja mwa Mulungu, tsitsi lilibe kanthu.” Ananena mwachifundo ndithu. Inenso ndinali wobatizidwa, ndinabatizidwa pokonzekera ukwati, ndipo mpaka lero ndimapemphera. Koma mutu wanga sunamve.

Ukundiyang'ana ngati ukufuna kufunsa kuti bwanji sindinangotenga lumo. Munthu sadzimeta yekha maliro, iwe. Amakumeta ndi wina, iwenso n'kumumeta. Ndiye ndinakhala nalo tsitsi lija. Kulipesa sindinkafuna, poti ndi lomwe lija mwana ankagwira. Linapotana, linalowa fumbi la m'munda, linkandilemera ngati ndasenza mtsuko. Ndinkalima, ndinkaphika, ndinkayankha moni, koma ndinali ndidakali pa chitunda chija. M'nyumba munalibe woyankhula naye. Ndinkapezeka ndikufotokozera pamsana popanda munthu.

Tsiku lina ndinapita kumtsinje dzuwa lili pamutu, nthawi imene kulibe anthu. Ndinavula duku kuti ndisambe kumaso. Sindinadziwe kuti mayi aja ali pamtapo. Ndinangomva, “Mtengwa, tsitsi limenelo ndi la liti?”

Ndinati, “Ndi lomwe lija.”

“Akwanu sanabwere?”

“Madzi.”

“Nanga eni mudzi?”

“Akuti anasiya.”

Anakoka fodya wawo, anayetsemula, anapukuta manja pachitenje. “Mukhale pompo, musachoke.” Anakwera phiri, ndipo pobwera anali ndi lumo la amuna awo ndi kachidutswa ka sopo. Anandikhazika pathanthwe, ananyowetsa mutu wanga, n'kuyamba. Manja awo anali ozizira, onunkha dongo. Sanandiuze kuti pepani, sanandiuze za Mulungu kapena za mizimu. Ankangoti, “Weramani. Tembenukani.” Tsitsi lonse analisonkhanitsa, anakumba pansi pa mtengo wa katope n'kulikwirira. Mphepo itandiwomba pamutu ndinamva ngati ndatula katundu amene ndinachoka naye kutali.

Ndikuti ndiimirire ndithokoze, iwo akhala pathanthwe paja, avula duku, akundipatsa lumo. “Tsopano ine.”

Ndinati, “Inu bwanji? Mwanayo sanali mbale wanu.”

Anati, “Kwanu amameta munthu mmodzi yekha ngati wandende? Ndiponso timiphika tija ankamuumbira ndani, agogo ake? Tametani, dongo langa likuuma.”

Ndinali ndisanametepo munthu. Ndinawacheka pamwamba pa khutu, magazi chuu. Anakuwa kuti, “Mayo! Mukusenda mbatata kodi?” Ndinaseka, mwana iwe, koyamba chimwalirire mwana. Kuseka kuja kunasanduka kulira, ndinalira mokweza monga sindinalirire kumanda, lumo lili m'manja, iwo atakhala duu mutu uli theka, akudikira kuti ndimalize. Chipsera chija chilipo mpaka lero, amalume ako akafuna adzachione.

Tinavala maduku athu, aliyense kwawo. Zikanatha mwakachetechete. Koma inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo kunabwera uthenga woti amayi onse apite pabwalo la sukulu kukaphunzira magule, kukubwera akuluakulu. Zinthu zimenezo sunkakana. Kaya uli ndi maliro, kaya mwendo watupa, anyamata a chipani ankayenda khomo ndi khomo. Tafika, mayi wapampando wabwera ndi nsalu zatsopano, akuti aliyense avule duku lake, timange mofanana. Ndinayang'ana kwa mnzanga, iye anayang'ana kwa ine. Tinavula.

Bwalo lonse linatiyang'ana. Kenako mlamu wanga wina wamkazi, wapakamwa, anati, “Taonani maungu awiri!” Ena anaseka. Wapampando anafunsa mnzangayo kuti, “Kwanu kwagwa maliro osatiuza?” Iwo anati, “Mwana wathu uja.” Mlamu uja anati, “Wanu uti? Inu munaberekapo?” Mawu amenewo ndimawamvabe. Mayi aja anamanga nsalu yawo bwinobwino, analowa mumzere, anavina mpaka madzulo.

Zotsatira zake zinabwera. Apongozi aamuna sitinkayankhulana maso ndi maso, ndiye anatuma apongozi aakazi kudzandiuza kuti akulu a mpingo amva, ndizikhala kaye kumbuyo, ku mgonero ndisapite mpaka adzandiitane. Ndinavomera, ndinkadziwa lamulo lake. Koma mnzanga ndiye anavutika. Amuna awo anakalipa kuti watenga lumo lawo kukaitanira tsoka pakhomo. Akazi a m'mudzi anasiya kugula mbiya zawo, ndipo kunayamba manong'onong'o akuti munthu wopanda mwana akamalira ana a eni, pali chimene akufuna. Iwe ukudziwa kumene mawu otere amathera. Ana akawaona ankathawa. Ine ndinkapita kumtsinje ndi mantha kuti andiuza kuti ndawabweretsera mavuto. Iwo ankangondifunsa ngati tsitsi layamba kuyabwa.

Mvula itachepa, atsibweni anga anafika wapansi, matope mpaka m'mawondo. Anakhala pakhonde, analira, ndinawaperekeza kumanda. Pobwera anandiuza kuti ndivule duku. Anaona tsitsi likumera kumene. Anati, “Wakumeta ndani?” Ndinawafotokozera zonse, mpaka za manong'onong'o. Anandiuza kuti ndigwire nkhuku imodzi ya m'khola langa, ndipo anadutsa nayo pakati pa mudzi masanasana, aliyense akuona, kukwera mpaka kukanyumba kaja. Anakhala pansi padothi, munthu wamkulu, anaomba m'manja. Anati, “Ife tinachedwa, inu munagwira ntchito yathu. Kuyambira lero maliro anu ndi athu, matenda anu ndi athu. Mbumba yanga yawonjezekera.” Kenako anatembenukira kwa wocheka matabwa uja n'kuti, “Achimwene, lumo lija lilipo? Inenso sindinamete.” Bambo aja anachita manyazi, analowa m'nyumba, anakalitenga, n'kuwameta okha.

Kuchokera tsiku limenelo ndinkati akulu anga, iwo ankati mng'ono wanga. Manong'onong'o sanathe tsiku limodzi, koma anthu anaona kuti mayiyo ali ndi mwini. Amalume ako atabadwa, agogo ako atabwerako ku Joni, anakulira pamsana pa mayi amenewa. Phala lawo loyamba linaphikidwa m'kamphika kamene anaumba iwo. Koma amalume akowo anachoka aang'ono kupita kusukulu yogonera komweko, pa tchuthi ankabwera ndi mabuku, sankakwera kumtunda. Sindikuwaimba mlandu poiwala. Mwana sakumbukira msana.

Wocheka matabwa uja mtengo unamugwera m'nkhalango n'kumupha. Abale ake sanadziwike kumene ali. Akulu anga ndinawameta ndine, iwo anandimeta, ndipo ndinabwereranso kumpando wakumbuyo kutchalitchi. Agogo ako aamuna anangoti, “Mutu ndi wako.” Iwonso atamwalira, patapita zaka, ine monga mtengwa ndinayenera kubwerera kwathu kuno. Ndinawapempha akulu anga kuti tipitire limodzi. Anakana. Anati, “Kwanuko kuli dongo? Nanga pamanda a mwana azilambula ndani?” Ndipo akhala akulambulapo zaka zonsezi, ine mayi wake ndili kuno. Poyamba ndinkapita kukawaona chilimwe chilichonse. Kenako mawondo anayamba, kenako ndinangomatumiza moni kudzera kwa anthu a kumeneko odzagulitsa mbatata, kenako anthu a mbatata amene ankawadziwa anasiya kubwera.

Tsopano sabata yathayi amayi ako anakumana ndi mayi wina wa kumeneko pamsika ku Madisi. Akuti akulu anga maso anafa. Kanyumba kaja kanagwa ndi mvula ya chaka chino. Akugona m'chigafa cha fodya cha munthu wina, ndipo mwini chigafa wayamba kuthyola fodya, akufuna malo opachikapo. Chakudya amawapatsa amene wakumbukira. Ndipo akuti anthu kumeneko akumanena kuti gogo ameneyu alibe abale. Sakunama mwadala, ndi ana, sanaone. Atsibweni anapita. Apongozi onse anapita. Mlamu wapakamwa uja anapita, wapampando anapita. Amene anaona nkhuku ija ikudutsa pakati pa mudzi ndatsala ndine ndekha. Ndikangotseka maso ine, mawu akuti alibe abalewo akhala oona.

Ndiye uwauze amalume ako kuti dzina la chibale chimenechi pachizungu sindilidziwa, ndipo pa Chichewa ndimangoti akulu anga. Sindikupempha chipinda china. Adzagona muno momwe ndimagona ine, mphasa ilipo. Kudya kwawo n'kwa mbalame, kuyambira kale. Kuwatsogolera kuseri ndidzawatsogolera ndekha ndi ndodo yangayi, tikagwa tidzagwera limodzi. Chimene ndikufuna kwa amalume ako ndi mawu akuti inde, ndi galimoto kuti ikafike pamene msewu umathera, kuchokera pamenepo anyamata angawanyamule, sakulemera. Uwauzenso kuti muno masana mukapita kusukulu, amayi ako ali kumunda, ine ndimayankhula ndi nkhuku. Palibe amene ndingamufunse kuti kodi mukukumbukira zakuti, iye n'kuyankha kuti eya.

Mwina anyamata akakafika kumeneko mayiwo adzakananso, ndimawadziwa mutu wawo. Akakatchula za manda, akawauze kuti mng'ono wawo wati udzu umere, mwana sakwiya. Ndipo amalume akowo akati ayi, m'nyumba mwawo simungalowe munthu wachilendo, sindikangana nawo. Angonditumizira galimoto yomweyo idzanditenge ine, ndikakhale nawo m'chigafamo mpaka mwini fodya atatitulutsa tonse awiri. Lemba momwe ndaneneramo, usakometse.

Wamaliza? Usandiwerengerenso, ndingayambe kuchotsa mawu. Tumiza tsopano adakali ku ofesi, fodya sadikira munthu.